Sikelo yonama mofanana tsiku lililonse

Ndimakonza masikelo pa Migowi, ndipo ntchito imandichulukira nyengo yogulitsa nandolo ndi mpendadzuwa, mavenda akapachika masikelo awo m'mitengo ya m'mbali mwa msewu. Sikelo yonjenjemera, yoti apa yapitirira apa yaperewera, sindida nayo nkhawa kwenikweni. Ukayeza thumba kangapo, kulemera kwake kumapezeka chapakati. Yoopsa ndi sikelo yodekha, yonama mofanana nthawi zonse. Sipuling'i ikatopa, kapena mkono umodzi wa sikelo ya mbale ziwiri ukatalikako, yezani kakhumi, kakhumi konse ipendekera mbali imodzimodziyo.

Ya mbale ziwiri ndimaigwira posinthanitsa: katundu apite pamene panali mwala woyezera, mwala ubwere pamene panali katundu. Mkono wautali umadziulula pomwepo. Koma mwala weniweniwo ukakhala woperepeseka, kusinthanitsa sikuthandiza, mbale zonse ziwiri zimavomerezana pa bodza. N'chifukwa chake miyala yanga ndimafuna iziyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards.

Mphwanga amene anaphunzira sayansi ku Zomba adandifotokozera kuti akatswiri a ku Institut Laue-Langevin, mumzinda wa Grenoble ku France, amalimbana ndi vuto lomweli. Neutron, kachidutswa ka m'kati mwa atomu, ikakhala payokha imasweka pakatha mphindi pafupifupi 15, n'kutulutsa kachidutswa kena kotchedwa electron. Akatswiriwo amalozetsa ma neutron mbali imodzi, n'kuwerenga ma electron otulukira kutsogolo ndi kumbuyo, akumbuyo amachulukirako. Kenako amawatembenuza ma neutron aja, kuti kukondera kwa makina owerengera kufafanizike, monga ndimachitira ndi mbale zanga. Chotsala n'chakuti ma neutron ena ochepa amakhala ataloza kwina. Akapanda kudziwa kuchuluka kwa amenewo, kusiyana kumene akuyezako kumaoneka kochepa kuposa mmene kulili, ndipo ngakhale awerenge ma electron mamiliyoni ena sizikonzeka. Choncho kulozako amakuyeza padera pogwiritsa ntchito mpweya wa helium-3, malo osiyanasiyana, poti ma neutron amayenda ngati mtsinje, ndipo pakati pa mtsinjewo ndi m'mphepete mwake sipafanana nthawi zonse. Ndinawalemekeza anthu amenewa, chifukwa sakhulupirira msanga chida chawo chomwe.

Alimi ochokera ku Chiringa akandifunsa nzeru, ndimawauza kuti paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi siyikwanira kuyesera sikelo ya venda. Sipuling'i imatha kunena zoona pa katundu wopepuka n'kusokonekera pa wolemera. Ngati mukugulitsa thumba la makilogalamu 50, iyeseni sikeloyo ndi chinthu chodziwika kulemera kwake chofikira pamenepo, ndipo muone kaye ngati singano yayambira pa ziro.