Ngalande ya m'diso nayo imafuna kuyendera

Bambo wina wa zaka 58, mlimi wa tomato ndi anyezi m'boma la Ntcheu, amadziwa bwino khalidwe la madzi. Ngalande za m'dimba mwawo amalambula okha, ndipo amadziwa kuti ngalande ikatsekeka madzi amadikha, mizu n'kuola. N'chifukwa chake tsiku limene dokotala anawafotokozera za matenda a glaucoma, sanavutike kumva.

M'diso mumapangika timadzi tosiyana ndi misozi, tomwe timatuluka pang'onopang'ono kudzera m'tinjira ta mkati momwemo. Tinjirati tikatsekeka timadzi timachuluka, ndipo mphamvu yake imafinya mtsempha wopita ku ubongo mpaka kuupha. Munthu wa ng'ala amaonanso akaichotsa, koma zimene glaucoma yatenga sibweza. Matendawa amagwira kwambiri anthu akuda, nthawi zambiri popanda ululu, kuyambira m'mbali mwa maso.

Pamene bambowa amafika kuchipatala chachikulu cha mumzinda n'kuti diso la kumanzere litafa kale. La kumanja ndilo linatsala. Mankhwala odontheza analephera, ndipo njira imene madokotala anaboola pa opaleshoni yoyamba inatsekeka ndi chipsera. Apa m'pamene anawaika kapaipi.

Kapaipika n'kofewa, kosakwana milimita imodzi kunenepa kwake. Nsonga yake imalowa m'kachipinda ka kutsogolo kwa diso, pamene mbali inayo imalumikizidwa ku kambale kakang'ono komwe amasokera pa choyera cha diso, kunsi kwa chikope. Timadzi timatsata kapaipi, n'kukafika pa kambale, thupi n'kutimwa. Nzeru imeneyi inayambira m'chigawo chathu chino: dokotala wa maso Anthony Molteno anaiyambitsa ku South Africa mu 1969, ndipo mitundu ina monga Baerveldt ndi Ahmed inabwera pambuyo pake.

Opaleshoni inayenda bwino. Bambowa anabwerera kuchipatala kawiri monga anawauzira. Ulendo wachitatu unakumana ndi mvula yoyamba.

"Abambo, tsiku lija analemba m'buku lakwanatu," anatero mayi a kunyumba.

"Diso silikuwawa, amayi. Ndalama ya minibasi yomweyo ndiyo ya feteleza," anayankha bambowo.

Sikunali kusamvera. Aliyense wolima amadziwa kuti mwezi wa Disembala ndalama imakhala ndi eni ake ambiri. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Patatha miyezi ingapo, bambowa anayamba kudzuka ndi nkhungu m'diso, yomwe inkayera dzuwa likakwera. Usiku ankaona utawaleza kuzungulira nyali. Kenaka diso linayamba kutuluka misozi, likumveka ngati muli mchenga. Iwo ankati ndi utsi wa kukhitchini.

Amene anazindikira ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, yemwe anabwera kudzayendetsa sikelo ya ana. Ataona bambowa akutchinga diso ndi dzanja, anapempha buku lawo la kuchipatala. Analibe makina oyezera maso, koma anaona mawu oti opaleshoni, naonanso tsiku lomwe linadutsa kalekale.

"Bambo, diso ili si loyembekezera kukolola ayi. Mawa lomwe munyamuke," anawauza.

Kuchipatala anapeza kuti nsonga ya kapaipi inali itapendekera kutsogolo, ikukhudza mkati mwa galasi loonekera la diso. Mkati mwa galasili muli timaselo tomwe timapopa madzi kuti likhale loyera mbee. Timaseloti tikafa sitimeranso, ndipo tikachepa galasi limatupa n'kuchita chifunga. Nkhungu ya m'mawa ija inali imeneyi.

Dokotala anafotokoza kuti kachipindako n'kopapatiza, mamilimita pafupifupi 3 okha, motero kuphonya pang'ono poika kapaipi n'kokwanira kubweretsa vuto. Komanso kapaipi koikidwa bwino kamatha kusuntha pambuyo pake chifukwa cha kutikita diso, kumenyedwa, kapena chipsera chikamakoka. Kwa ana kamatha kubwerera m'mbuyo diso likamakula. Nthawi zina nsonga imatsekedwa ndi mbali yakuda ya diso, timadzi n'kuyambanso kuchuluka. Nthawi zinanso kapaipi kamaboola kachikopa kokaphimba n'kuonekera kunja, ndipo pamenepo tizilombo timapeza khomo lolowera mkati mwa diso. Ambiri mwa mavuto amenewa amaoneka pa makina munthu asanamve chilichonse, ndipo akapezeka msanga amakonzeka.

Pa opaleshoni ina anakasunthira kumbuyo, kutali ndi galasi lija. Nkhungu inachepa koma sinathe yonse, pakuti madzi akatayika saoleka. Lero bambowa amayenda okha kupita kudimba ndipo amasiyanitsa tomato wakupsa ndi wamuwisi, koma zilembo za pa botolo la mankhwala ophera tizilombo amawawerengera ndi mdzukulu wawo. Ngati kapaipi kanaikidwa mopendekera kuyambira pachiyambi kapena kanasuntha pambuyo pake, iwo safunsanso. Chomwe chimawawawa ndi ulendo wachitatu uja.

Mlangizi uja tsopano amalemba m'kope mwake aliyense wa m'mudzi amene anachitidwa opaleshoni ya maso, pamodzi ndi tsiku lake lobwerera. Amawauza kuti asatikite diso, asathiremo mankhwala a zitsamba, ndiponso kuti diso likafiira, likawawa, likatuluka mafinya, likachita chifunga, kapena kapaipi kakaonekera, asadikire tsiku la m'buku.

Kunyumba kwa bambo aja, tsikulo amalilemba ndi khala pakhoma pafupi ndi chitseko. M'khola muli nkhuku ziwiri zimene palibe amazikhudza, ngakhale kubwere alendo. Ana amazitcha nkhuku za diso la agogo.