Mikeka ya ku Suva

Bambo atalandira kalata yowaitana kukaphunzitsa pa University of the South Pacific, anatambasula mapu patebulo n'kuuza akazi awo kuti asade nkhawa. Anaika chala pa Dedza, kwawo kwa Mayi, pa madigiri 14 kummwera kwa ikweta. Kenaka anachikokera kum'mawa, kudumpha Madagascar ndi Australia, mpaka pa kadontho kotchedwa Viti Levu, chilumba chachikulu cha dziko la Fiji, pamene pali mzinda wa Suva, pa madigiri 18.

"Mukuona, mayi a ana? Nyengo yake ndi yomweyi. Mwinanso kumeneko n'kozizirirapo."

Munthu wophunzira akamalakwa amalakwa umboni uli m'manja. Chimene mapuwo sananene n'chakuti boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene mwezi wa June umalowetsa munthu m'mabulangete awiri, pamene Suva anakhala m'mphepete mwenimweni mwa nyanja yamchere, mapazi ali m'madzi.

Anafika mu January 2014, anthu anayi: Bambo, Mayi, mnyamata wachisamba wa zaka 11 ndi mzime, mtsikana wa zaka 4. Anakwera ndege zitatu, kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Johannesburg ndi ku Sydney mpaka ku Nadi, kenaka basi ya maola anayi pamsewu wa Queens Road. Pofika ku Suva zovala zinali zitamatirira m'thupi. Kutentha amakudziwa, poti ndani sanapsepo ndi dzuwa la October? Koma kwawo ukathawira pamthunzi umapeza mpumulo. Kuno mthunzi womwe unali wonyowa. Suva amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 3,000 pachaka, ndipo mwezi wopanda mvula n'komwe kulibe. Mchere unkasungunuka m'botolo. Zovala zochapa Lolemba zinkafika Lachinayi zikununkha chinyontho. Nsapato zachikopa za Bambo, zimene anagula dala kuti akaonekere tsiku loyamba, zinamera chuku chobiriwira m'sabata imodzi, ndipo mabuku awo anapindika ngati zikopa zouma. Usiku analimata ankalira padenga, mzime n'kumafunsa ngati ndi mbalame.

Mayi anali atalongedza maneti anayi a udzudzu. Anaseka atamva kuti ku Fiji kulibe malungo, chifukwa udzudzu wofalitsa nthendayo sukhalako. Kuseka kwake sikunakhalitse. Chaka chimenecho dzikolo linali pakati pa mliri wa dengue, nthenda yobwera ndi udzudzu wa mawanga oyera umene umaluma masana, pamene neti ili chipindire pamwamba pa bedi. Mu March mzime anatentha thupi, akulira kuti mafupa akuthyoka ndiponso kuseri kwa maso kukuwawa. Kuchipatala anati mankhwala ake enieni palibe: amwe madzi ambiri, apatsidwe panado, asayerekeze asipirini, ndipo akaona magazi m'nkhama abwerere msanga. Mayi, amene anali ataleza malungo a ana awo kangapo konse osatekeseka, anagwira njakata. Mdani womudziwa n'ngwabwino.

Tsiku lachitatu la matendawo panamveka kugogoda. Anali mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, wamtali, wa tsitsi lophulika bwino, atanyamula makokonati aawisi anayi ndi chikwanje. Sanafunse ngati angalowe. Anavula nsapato pakhomo, anasema kokonati imodzi katatu kokha, n'kukhala pansi pafupi ndi wodwalayo kumamumwetsa madzi ake pang'onopang'ono. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja. Mwana atachira anayamba kumutchula Bubu, ndiko kuti agogo m'chinenero cha ku Fiji, ndipo dzina lina la mayiyo silinamvekenso m'nyumbamo.

Nkhani ya nsima inatenga chaka chathunthu. Pamsika waukulu wa Suva pali milu ya dalo, amene ndi koko wamkulu ngati mutu wa mwana, pali kumala, mbatata yathu yomweyi, ndi tavioka, chinangwa chimene anthu amangophika n'kudyera nsomba. Ufa woyera wa chimanga kunalibe. Bambo anabwera ndi semolina wa m'sitolo za Amwenye, zidzukulu za antchito oposa 60,000 amene Angelezi anawatenga ku India pakati pa 1879 ndi 1916 kudzalima nzimbe. Nsima yake inkaoneka bwino m'mbale koma m'mimba simkamveka kanthu. Potsiriza Mayi, mwana wa ku Dedza amene kale ankaseka anthu a kunyanja chifukwa cha kondowole, anasenda chinangwa n'kuchiviika m'ndowa masiku anayi. Kawiri konse makaka ake anachita chuku asanaume. Kachitatu anawaumitsa mu uvuni usiku wonse, moto uli pansipansi, n'kuwapera. Ndiwo zake Bubu ndiye anawaonetsa: masamba otchedwa bele, amene ukaphika amatelera ndendende ngati therere. Madzulo amenewo m'nyumba munali zii, kungomveka kumeza.

Amuna a m'banjamo sanavutike kuzolowera. Bambo, amene poyamba analumbira kuti sangavale siketi, pofika chaka chachiwiri ankapita kukalasi atavala sulu ya matumba, akutama mphepo yake. Anaphunzira kukhala mopinda miyendo kuzungulira tanoa, mbale yaikulu yamtengo, kuomba m'manja kamodzi asanalandire chikho cha yaqona, kugugudiza madzi amatopewo osapumira, kenaka kuombanso katatu lilime litachita dzanzi. Mnyamata anasiya mpira wamiyendo n'kuyamba ragibi, akusewera opanda nsapato m'matope a ku Laucala Bay.

Amene ankawasowetsa tulo Mayi anali mzime. Mwanayo ankaswera kwa Bubu. Kumeneko anaphunzira kukuta kokonati, kunena kuti tulou n'kuwerama podutsa pafupi ndi anthu okhala pansi, ndi kuomba m'manja mokumbatiza zikhatho akalandira kanthu kwa wamkulu. Chingerezi chake chinatenga kayimbidwe ka ana a ku Suva, Chichewa n'kumatha ngati mchere wa m'botolo uja. Lamlungu lililonse madzulo, ku Dedza kuli m'mawa chifukwa Fiji ali patsogolo ndi maola khumi, Mayi ankaimbira foni amayi awo. Agogo ankapempha mdzukulu. Mwanayo ankati "ndili bwino, kaya inu," n'kuthera pomwepo, maso ali pazenera loyang'ana kwa Bubu. Tsiku lina Agogo anaseka n'kuti, "Iwe, mwanayu mwamugulitsa kwa yani?" Kunali kucheza chabe, koma Mayi anakhala sabata yathunthu osawoloka mpanda, akuyankha moni wa Bubu mwachidule. Nsanje yochitira munthu amene anakupulumutsira mwana ndi yochititsa manyazi, ndipo Mayi ankadziwa zimenezo, kudziwako sikunaichotse.

Pa 20 February 2016 namondwe wotchedwa Winston anaomba Fiji. Boma linalamula kuti aliyense akhale m'nyumba. Banjalo linakhomera matabwa m'mazenera, linadzaza madzi m'bafa ndi m'mapoto, n'kugona m'kakhonde ka pakati pa nyumba, magetsi atazima, malata akulira ngati ng'ombe yophedwa. Suva anangokhudzidwa ndi m'mphepete mwa mphepoyo. Chilumba cha Koro ndi midzi ya kumpoto kwa Viti Levu ndiyo inasesedwa, ndipo anthu 44 anafa. Miyezi yomweyo ku Malawi chimanga chinkauma chili chiimire, mpaka mu April 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi ya njala. Foni itayambanso kugwira, Agogo anamvetsera nkhani yonse ya namondweyo n'kufunsa chinthu chimodzi: "Nanga mvula yonseyo, osatitumizirako ndowa imodzi bwanji?"

Mu June chaka chomwecho foni inalira 4 koloko m'bandakucha. Anali achimwene awo a Mayi, mwini mbumba. Agogo anali atagwa pakhonde masana, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatsikira kale kulichete.

Bambo anatsegula kompyuta n'kuyamba kuwerengera. Podzera ku Australia pankafunika chiphaso chodutsira chimene sichituluka tsiku limodzi. Njira zina zinali zozungulira dziko lonse. Ngakhale yachangu kwambiri ikanawafikitsa ku Dedza patatha masiku atatu kapena anayi. Kumudzi anthu anali atasonkhana kale, m'chaka cha njala, ndipo tsiku lililonse lodikira ndi thumba la chimanga. Mayi ndiwo ananena okha, mawu ali phwa: "Achimwene, musandidikire. Aikeni mawa."

Atatero anakhala pansi m'khitchini. Mwana wamkazi woyamba amayenera kukhala kumutu kwa maliro, m'nyumba ya siwa, akulira mokweza kuti mudzi wonse udziwe amene wapita. Koma m'nyumba ya lendi, pakati pa anthu a eni, munthu ungabume bwanji? Anatenga thaulo n'kuliluma. Tsiku lonselo linadutsa chomwecho, Bambo akuyenda uku ndi uku ndi makapu a tiyi amene palibe anamwa. Palibe anaona mzime akudutsa pampanda.

Mawa lake dzuwa litapendeka kunamveka mapazi ambiri pabwalo. Bubu anali patsogolo atavala zakuda, pambuyo pake amayi asanu ndi atatu a mpingo wake wa Methodist, atasenza mikeka yokulungakulunga yolukidwa ndi masamba a voivoi, ndi nsalu ya khungwa la mtengo yotchedwa masi. Amuna anayi ananyamula mtolo wa mizu ya yaqona ndi madengu a dalo. Anatulutsa mipando yonse ya pabalaza n'kuyala mikeka khoma ndi khoma. Mwambo umenewu amautcha reguregu, ndiwo chipepeso chawo. Mkulu wina anagwada, manja ali pamtolo uja, nayankhula nthawi yaitali m'chinenero chawo, anzake akuvomera ndi mawu akuya. Atatha, maso onse anatembenukira kwa Bambo. Iwo anayamba m'Chingerezi, koma mawu ake anaoneka opepuka ngati a pamsonkhano wa aphunzitsi. Anaima, nayambiranso m'Chichewa, monga amayankhulira mkamwini pamaliro a apongozi ake: anatchula mudzi, mfumu, mfunda wa malemu, matenda ake ndi ana amene asiya. Panalibe womasulira ndipo palibe anapempha. Anthuwo anaomba m'manja mokumbatiza zikhatho.

Kutada, mayi Wachimwenye wa kutsidya kwa msewu, amene kwa zaka ziwiri ankangopatsana nawo moni, anabwera ndi mphika wa dhal ndi mulu wa roti. Anati kwawo nyumba ya maliro siyatsa moto mpaka womwalirayo ataperekezedwa.

Ku Dedza ankaika maliro 2 koloko masana, ndiye kuti pakati pa usiku ku Suva. Palibe anapita kwawo. Nthawi itakwana Mayi anaika foni pakati pa mkeka n'kukweza mawu ake. Achimwene anali ataigwira m'mwamba kumanda. Munamveka mphepo ya ku Dedza, kutsokomola, mbusa akuwerenga, kenaka makasu a adzukulu. Amayi a Mvano anayamba nyimbo ya m'buku la Nyimbo za Mulungu, mawu ake akudukaduka. Bubu anapendeketsa mutu. Mzere woyamba usanathe anaitola, m'chinenero chake, chifukwa amishoni amene anafika ku Fiji mu 1835 ndi amene anafika ku Malawi patapita zaka makumi anayi anatunga nyimbo zina pachitsime chimodzi. Anzake anaigawana m'mawu anayi popanda wowatsogolera. Foni inaduka pakati pa ndime yachiwiri, koma iwo anapitiriza mpaka kumapeto. Apo m'pamene Mayi anataya thaulo lija nabuma maliro, kuitana amayi awo ndi mfunda wawo, mawu akutuluka m'mazenera kukafika kumsewu. Bubu anawagwira m'chiuno monga amachitira anamfedwa kwawo, osawatonthoza.

Patapita masiku awiri Mayi anatenga lumo n'kuwoloka mpanda kukapempha Bubu kuti awamete. Mayiyo anazengereza, pakuti kwa anthu a ku Fiji mutu wa munthu ndi wopatulika, saugwira wamba. Kenaka anati tulou, n'kuyamba kumeta. Ndiyenso anasunga chiwerengero cha masiku: anthu akwawo amakumbukira womwalira usiku wachinayi, wakhumi ndi wa 100. Pausiku wa 100 Mayi anaphika kondowole miphika itatu, ndi bele ndi nsomba, ndipo amayi a Methodist aja anaphunzira kutema mbamu, akuseka nsima yokana kuchoka m'zala.

Banjalo linakaona manda mu December, mvula itagwa, chimanga chili m'mawondo. Mayi anatenga mkeka umodzi mwa ija. Atauyala pakhonde pamene Agogo anagwera, azakhali anaupapasa m'mphepete, akutsutsana ngati ndi mlaza kapena mtundu wina wa kanjedza. Atsibweni anaitana mzime n'kumupatsa mango. Mwanayo anawerama podutsa pakati pa akuluakulu, anagwada, analandira ndi manja awiri, anaika bangolo pansi, n'kuomba m'manja katatu, zikhatho zitakumbatizana.

"Onani!" anatero azakhali aakulu. "Chichewa chathawa, koma mwambo mwamuphunzitsa ndithu. Mayi anu akanakondwa."

Mayi anayang'ana mkeka uja. Kenaka anadzuka kukaona ngati madzi a nsima afunda.