Kaning'ina: Kwawo kwa Nkhulukulu

Amayi a ku Chibavi, madzi amene mumatunga pampopi amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo damulo limadzazidwa ndi timitsinje ta m'nkhalango ya Kaning'ina, chakum'mawa kwa mzinda wa Mzuzu. Kodi ndi angati mwa inu amene analowamo m'nkhalangomu opanda nkhwangwa ndi nkhata, kungopita kukaona?

Nyengo yake ndi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira psuu mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Lawirirani nkhungu isanayere, ndipo musaiwale juzi, pakuti kuzizira kwa ku Mzuzu mukukudziwa. Mukafika khalani pansi, mukhale chete. Pamenepa ndiye pamativuta ife amayi tikakhala awiri.

Woyamba kulankhula ndi pumbwa. Pambuyo pake mudzamva mnthengu, wakuda bii, kamberembere amene amalira ngati waona chiwombankhanga kuti mbalame zinzake zithawe, iye n'kutola chakudya chimene zataya. Koma mfumu ya m'nkhalangomu ndi nkhulukulu. Ikakhala pamtengo simungaione msanga, chifukwa imafanana ndi masamba. Ikangotambasula mapiko, pamatuluka kufiira kumene utoto wa m'sitolo sungafikeko. Ku Eswatini nthenga zofiira za mbalame za mtundu umenewu amavala ndi a banja lachifumu. Nkhulukulu imadya zipatso ndi kumwaza njere zake kutali, motero imadzala mitengo popanda khasu. Anamzeze ena amene mudzawaone mu Okutobala ndi alendo ochokera ku Ulaya, othawa chisanu cha kumeneko. Apusi sasowa, ndipo wamwayi angaone gwape akudumpha.

Tsono pobwerera mudzakumana ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala, zikutsikira kumzinda. Ogula ake ndife, ndipo sitigula chifukwa cha nkhanza: nsima iyenera kupsa. Komabe phiri likameteka, dothi limakokolokera m'damu, timitsinje timaphwa msanga, ndipo amene amadzuka usiku kukadikira ndowa pampopi si bambo ai.

Musanapite, kapempheni chilolezo kwa oyang'anira nkhalango, ndipo mupite muli gulu. Tengani ana, makamaka anyamata aja otha mbalame m'dambo, koma legeni ndi ulimbo zitsale kunyumba. Masuku akayamba kupsa mudzapitenso, chifukwa pamenepo apusi amatsika m'mitengo kudzalimbirana nanu zakugwa pansi.