Ulendo wa ku Mulanje ndi mwana wa chikhakha

Kondakitala wa minibasi ku Limbe anangomuyang'ana kamodzi mwanayo n'kunena kuti, "Mayi, ameneyu ndi wa mipando iwiri." Sichinali chipongwe ayi. Mwana wa mchemwali wangayu, wa zaka ziwiri, tinali titangomutenga ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre atamuika chikhakha kuyambira pachifuwa mpaka m'miyendo, miyendoyo ili tang'a ngati ya chule.

Vuto lake ndi la m'chiuno: mutu wa fupa la ntchafu sunakhazikike m'kamphako kake. Likadziwika mwana asanakwane miyezi 6, madokotala amangomuveka malamba otchedwa Pavlik. Wathuyu tinamuzindikira atayamba kuyenda motsimphina, ndiye panafunika opaleshoni.

Tinalipira mipando iwiriyo, koma sanakhalepo. Chikhakha sichipindika. Mayi ake anamugoneka chagada pamiyendo pawo, phazi limodzi lili pa ine, lina likugunda bondo la bambo wina amene anangoti, "Musadandaule, tonse tili ndi ana." Pa Bvumbwe ogulitsa matimati ndi kabichi anasiya kuitanira malonda, n'kumasuzumira pawindo.

Chovuta chenicheni chinali thukuta. Tikudutsa m'minda ya tiyi ku Thyolo, mwana anayamba kulira kuti mkati mukumuyabwa, pomwe anamwino anali atatiletsa kulowetsamo kamtengo kapena kunyowetsa chikhakhacho. Thewera limachita kulisomeka pakabowo kamene amasiya pakati. Ndiye mwana akadziipitsira minibasi ili pa liwiro, mungatani? Pa Luchenza dalaivala anatidikira kuti timusinthe thewera, ngakhale ankaliza hutala.

Titatsika pa Chitakale, akabaza onse anakana kumukweza. Amayi athu, amene anabwera kudzatichingamira, sanataye nthawi: anavula chitenje, n'kuwerama, n'kuti, "Ndiikireni mdzukulu wangayo." Anakwana pamsana bwinobwino. Pajatu mwana wobereka miyendo yake imakhala chotang'adza chomwecho, ndipo madokotala a mafupa amati kaberekedwe kameneka kamathandiza chiuno cha khanda kukula bwino, n'chifukwa china matendawa sawoneka kawirikawiri kuno. Koma kulemera kwake! Tinkalandizana m'njira monse.

Kunyumba, pamphasa sakhala, pampando wa ndalema salowa. Madzulo omwewo ndinapita kwa kalipentala wa pamsika kuti apange kabenchi kopapatiza koti azikhalapo chotang'adza, kokhala ndi choyedzamira ndiponso thabwa loikapo mbale. Anandifunsa muyeso, ndipo ndinamupatsa chingwe chimene ndinayezera kuchokera bondo lina kufika linzake.