Firiji Yafa, Koma Makabati Akali Olimba

Mwezi uno tiloleni tilowe m'khichini. Ena adzati nkhani ya firiji ndi yaing'ono, yosayenera tsamba lathunthu. Koma amene anaonapo ndiwo za mwezi wonse zikuonongeka usiku umodzi, kapena amene amasunga mankhwala a matenda a shuga pamalo ozizira, akudziwa nkhawa imene imalowa m'nyumba firiji ikaleka kulira.

Caka ca 2024 cinali cowawa kwa mafiriji a mu Lusaka. Cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri, masiku ena koposa theka la tsiku. Kuzima ndi kuyaka kotereku kumatopetsa injini ya firiji, imene amisiri amaicha kompresa, makamaka ikakhala yokalamba. Yathu inali itatumikira banja zaka zoposa 15, ndipo inafa caka comweco. Kupeza ndalama zogulira ina linali vuto loyamba. Laciwiri, limene ambiri saliganizira, linali lakuti yatsopanoyo ikwane pamalo pamene panali yakale.

Nyumba zambiri zimene tikukhalamo sitinamange ndife. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhansolo zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo, ndipo mabanja ambiri a ku Kabwata ndi ku Chelstone anasanduka eni nyumba. Nazonso nyumba zambiri za boma, monga za ku Woodlands ndi ku Kabulonga, zinagulidwa ndi anchito a boma. Tinalandira makoma, mazenera ndi makhichini monga momwe anawaganizira anthu ena kale, ena a iwo akuyezabe ndi mainchi. M'nyumba zina munali makabati omangidwa kale, m'zina eni ake atsopano anaitana kalipentala kuti awapangire, ndipo pakati pa makabatiwo anasiya mpata wa firiji ya masiku amenewo. Mpatawo sukula ayi, pamene mafiriji a m'masitolo akulirakulira.

Ana athu, amene anasonkha ndalama mokoma mtima, anali ataona kale firiji ya zitseko ziwiri zotsegukira uku ndi uku m'sitolo ina ku Manda Hill. Inali yokongoladi. Koma firiji yotere imatenga pafupifupi masentimita 90 m'lifupi, pamene mpata wathu unali wa 60 cabe. Iwo anati nkosavuta, tingogumula kabati imodzi. Amai a m'nyumba anakana, ndipo ife tinaima nawo. Makabati athu ndi a mukwa, ndipo atha kale moyo wa mafiriji awiri popanda ciswe kapena kupindika. Matabwa otere lero ndi a mtengo wapatali, ndipo ambiri mwa makabati atsopano amapangidwa ndi utuci wopanikiza umene umafufuma ukangonyowa. Kuononga cinthu cokhalitsa cifukwa ca cinthu cimene cidzafa patapita zaka zowerengeka tinakuona ngati kugwetsa nkhokwe kuti dengu lipeze pokhala. Tinaonanso kuti firiji yaikulu imafuna ndiwo zambiri zoidzaza, ndipo m'nyumba mwatsala anthu atatu.

Tsono munthu asanapite ku Cairo Road kapena ku Kamwala, ayambe wagwira tepi yoyezera. Ayeze m'lifupi, msinkhu ndi kuya kwa mpatawo, ndipo m'lifupimo ayeze katatu: pansi, pakati ndi pamwamba, pakuti makoma a nyumba zakale saongoka nthawi zonse. Nambala yaing'ono pa zitatuzo ndiyo yoona. Ayezenso khomo la khichini, ndipo a m'mafulati a ku Kabwata asaiwale pokhota pa masitepe. Manambalawa alembedwe papepala. Wogulitsa akanena kuti "iyi ikwana, bambo," ife tipemphe tepi tiyeze tokha, cifukwa iye khichini yathu sanaionepo.

Pali kusiyana kumene tiyenera kukumvetsa bwino. Mafiriji ambiri ndi oima paokha, ndipo amafuna mpata wa mpweya kumbuyo, m'mbali ndi pamwamba. Ena anapangidwira kulowa m'kati mwa kabati, nabisika kuseri kwa citseko ca thabwa, kotero kuti mlendo sangadziwe pamene pali firiji. Otere amapezeka kawirikawiri m'nyumba zatsopano kapena zokonzedwanso za ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Muyezo wao wodziwika ndi mpata wa masentimita 56 m'lifupi, 55 kuya, ndipo aatali amafika pafupifupi 178. Amene ali ndi yotere ayang'ane zinthu zina ziwiri. Coyamba ndi pamene zitseko zagawikana: ena ali ndi cipinda ca pamwamba cacikulu ndi firiza yaing'ono pansi, ena anagawidwa pakati penipeni. Firiji yatsopano ikagawika pena, zitseko za thabwa sizidzagwirizana nayo. Caciwiri ndi kagwiridwe ka citseko. Pa ena citseko ca thabwa cimakhomeredwa pa citseko ca firiji, ndipo zonse zimayendera mahinji a firijiyo. Pa ena thabwalo lili ndi mahinji ake pa kabati, ndipo limakoka citseko ca firiji ndi kanjanji kotsetsereka. Kugula ya mtundu umodzimodzi ndi yakale kumapulumutsa ndalama za kalipentala.

Mafiriji obisikawa ndi odula ndiponso osowa m'masitolo athu, motero ambiri amayesedwa kugula yoima payokha nkuikankhira m'kabati yotsekeka. Apa mpamene ndalama zimatayikira. Firiji imazizira m'kati cifukwa imataya kutentha kunja, kumbuyo kapena m'mbali mwake. Mukaitsekera, kutenthako kumaunjikana, kompresa imalira osapuma, mayunitsi a magetsi amatha msanga, ndipo tsiku lina imangoti zii. Ngati nkofunikadi kuika yoima payokha, kalipentala acotse citseko ca thabwa ndi thabwa la kumbuyo, ndipo asiye mpata umene buku la firijiyo lanena. Ngakhale yobisika ija imafuna polowera mpweya pansi ndi potulukira pamwamba. Tisamatseke malo amenewa ndi mapoto kapena nsalu zokongoletsa.

Tiyang'anenso kacikwangwani ka kumbuyo kapena ka m'kati, pamene pamalembedwa nyengo imene firijiyo inapangidwira. Cilembo N citanthauza kuti imapirira kutentha kufika madigiri 32, ST kufika 38, ndipo T kufika 43. Amene anaimapo m'khichini ya malata mwezi wa Okutobala, nsima ili pamoto, adzasankha ST kapena T.

Ife tinapeza yocepa m'lifupi koma yotalikirapo pang'ono kuposa yakale. Kalipentala wa ku Kalingalinga anakweza shelefu ya pamwamba, natseka mabowo akale ndi tizidutswa ta mukwa womwewo, ndipo nchito inatha tsiku limodzi. Firijiyo itafika tinaisiya ciimire maola angapo tisanaiyatse, kuti mafuta a mu kompresa, amene amasunthika paulendo, abwerere m'malo mwake. Tinagulanso kacipangizo koika pa soketi, kamene kamacedwetsa magetsi mphindi zocepa akangobwera, kuti mphamvu yoyamba ija isamenye injini.

Yakale ija isatayidwe pa dzala cisawawa. Mafiriji akale kwambiri anali ndi mpweya wa R12, umene umaononga cophimba ca mumlengalenga cimene cimatichinjiriza ku ukali wa dzuwa. Maiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti mpweya wa mtundu umenewu uleke. Atsopano ambiri ali ndi R600a, umene sucita zimenezo koma umayaka moto, motero cisanu ca mu firiza cisakumbidwe ndi mpeni. Yakufa iperekedwe kwa mmisiri wa mafiriji, amene angacotsemo zitsulo zothandiza ena. Ndipo amene afuna kuisunga pakhonde kuti aziikamo ufa ndi nyemba, monga tionera m'makomboni ambiri, ayambe waona ngati citseko cake cili ndi loko. Ngati ilipo aicotse, pakuti ana amakonda kubisala m'zinthu zotere.