Chimene Chinkandikhalira Pachifuwa

Tsiku loyamba kundichitikira ndinali nditagona chagada. Ndinadzidzimuka cha m'ma 3 koloko usiku, maso ali kudenga, ndikumva bwinobwino agalu akuuwa panja ndi amuna anga akuliza mkonono pambali panga. Ndinati nditembenuke, thupi linakana. Ndinati ndikuwe, mawu osatuluka. Pachifuwa panalemera ngati wina wandisanjika thumba la chimanga, ndipo pakhomo ndinaona chinthu chakuda chitaima. Kenako chala chinagwedezeka, zonse n'kutha. Thukuta linali kamukamu.

Mwezi umenewo apongozi anga anali atangobwera kuchokera kumudzi kudzakhala nafe. Nditafotokozera anzanga a kumsika kumene ndimagulitsa kaunjika, funso lawo linali limodzi: "Nanga m'nyumba mwanu mwabwera ndani?" Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma ndinawamvera. Ndinasiya kudya ndiwo zimene apongozi aphika. Ana ndinawaletsa kugona kuchipinda kwa agogo awo. Iwo sananene kanthu, anangoyamba kudyera pakhonde.

Panali zina zimene anzangawo sindinawauze. Amuna anga ntchito inali itatha. Ine ndinali nditatenga ngongole ku banki m'khonde n'kuoda belo, koma belolo linatuluka zovala zosayenda malonda. Fizi ya mwana wathu wa Fomu 3 inali ikudikira. Usiku ndinkakhala pafoni kuwerengera ndalama zomwezomwezo mpaka 12 koloko, n'kudzuka 4 koloko. Masana tulo tikandigwira pabenchi, ndinkagula chakumwa chopatsa mphamvu. Zakupanikizidwazo zitayamba kubwera kawiri kapena katatu pasabata, ndinayamba kuopa ngakhale kugona kumene.

Kuchipatala ndinapitira mutu umene sunkasiya. Adokotala atandiyeza anandifunsa kuti ndimagona maola angati. Ndinayankha kuti anayi, ndipo mosayembekezera ndinayamba kulira n'kuulula zonse. Sanandiseke. Anati vutoli ndi lodziwika padziko lonse ndipo m'Chingerezi amalitcha sleep paralysis.

Anandifotokozera kuti tulo tili ndi magawo. M'gawo limene timalota kwambiri, lotchedwa REM, ubongo umamanga minofu ya manja ndi miyendo kuti munthu asamachite zimene akulota. Nthawi zina maganizo amadzuka msanga thupi likadali lomangidwa. Maso amaona chipinda chenicheni, koma maloto amakhala asanatheretu, n'chifukwa chake munthu amaona zithunzi kapena kumva mapazi. Kupuma sikuima, koma poti minofu ya pachifuwa sikumvera munthu akafuna kukoka mpweya wambiri, amamva ngati wina wamukhalira. Zimatha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa, ndipo pazokha sizipha. Zimakonda anthu osagona mokwanira, ogona nthawi zosinthasintha, a nkhawa, ndi ogona chagada. Zonsezo ndinali nazo ine.

Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9 a tulo. Chakumwa changa chija chinali ndi caffeine, amene amakhala m'thupi maola ambiri, moti chimene ndinkamwa madzulo chinkandilanda tulo ta usiku. Ndinachisiya. Ndinayamba kugona 9 koloko tsiku lililonse, chammbali, foni nditaisiya pabalaza. Nkhawa za mawa ndinkazilemba m'kope dzuwa lisanalowe, n'kuzipereka m'pemphero, kenako n'kutseka kopelo. Lachisanu dzuwa likalowa, ndinaphunzira kupumitsa mutu womwe, chifukwa kale Sabata linkandipeza thupi lili m'tchalitchi, maganizo ali pabelo.

Chovuta kwambiri chinali kuyankhula. Amuna anga ndinawauza kuchuluka kwenikweni kwa ngongole, ndipo tinapita limodzi kukapempha gulu kuti tizibweza pang'onopang'ono. Kenako ndinapita pakhonde, ndinagwada, n'kupepesa apongozi anga. Anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Mwananga, ine ndinkakumvani mukuyendayenda usiku wonse. Ndinkadziwa kuti pali chimene chikukudyani, koma mukanandilola kufunsa?" Kuyambira tsiku limenelo, phala la ana la m'mawa amaphika ndi iwo, kuti ine ndiwonjezere ola limodzi la tulo.

Sindinganene kuti zinatheratu. Ndikatopa kwambiri zimabwerabe, mwina kamodzi pa miyezi ingapo. Koma tsopano ndimadziwa chimene chikuchitika. Sindilimbana nacho. Ndimapuma pang'onopang'ono, ndimayesa kugwedeza chala chimodzi cha kuphazi, n'kumadziuza kuti zitha posachedwa. Amuna anganso amadziwa kuti akandimva ndikubuula angondigwedeza paphewa.

Ngati nanunso zimakuchitikirani kawirikawiri, kapena mwatha milungu musakugona bwino, kapena tulo timakugwirani mwadzidzidzi masana, pitani kuchipatala mukafotokoze zonse osabisa. Ndipo musanaloze chala munthu aliyense, yambani mwawerenga maola amene mukugona ndi katundu amene mwasenza mumtima. Ine ndinatsala pang'ono kuthamangitsa mayi amene ankandidera nkhawa kuposa wina aliyense m'nyumbamo.