Khutu lonunkha koma losapweteka

Khutu limene mwana amalira nalo usiku wonse silindidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kukacha makolo amathamanga naye kuchipatala. Limene ndimaliopa monga namwino ndi lija limangotulutsa timafinya pang'onopang'ono, tonunkha ngati chinthu chowola, mwezi ndi mwezi, koma osapweteka. Mwini wake amangotsekapo kathonje n'kumagwira ntchito zake. Ukamufunsa amati, "Aa, limatero khutu limeneli, ndi lakalekale."

Ena mwa makutu oterewa amakhala ndi vuto lomwe madokotala amalitcha cholesteatoma. Dzinali lisakuopseni, si khansa. Ndi khungu wamba lomwe lamera pamalo olakwika. Kuseri kwa mwinikhutu kuli kachipinda kakang'ono kokhala ndi timafupa titatu tomwe timapititsa mawu m'kati. Kachipindako kamalandira mpweya kudzera m'kanjira kochokera kuseri kwa mphuno. Kanjirako kakamatsekeka kawirikawiri, monga mmene zimakhalira ndi chimfine chosatha kapena matenda a m'khutu obwerezabwereza, mwinikhutu amakokedwera m'kati n'kupanga kathumba. Khungu lathu limafundula tsiku lililonse. La pamkono limachoka posamba, koma la m'kathumbamo lilibe kotulukira, ndiye limangounjikana mosanjikizana ngati anyezi. Kwa ena khunguli limalowera pabowo la mwinikhutu wong'ambika, ndipo ana ochepa amabadwa nalo.

Choipa chake n'chakuti likamakula limadya fupa. Limayamba ndi timafupa tija, munthu n'kuyamba kumva movutikira mbali imodzi. Pafupi pomwepo pamadutsa mtsempha woyendetsa nkhope. Pomweponso pali tiziwalo tomwe timatithandiza kuima osagwa. Pamwamba pake pali kafupa kopyapyala, ndipo kuseri kwake ndi ubongo. Zonsezi zapanikizana pamalo ochepetsetsa, n'chifukwa chake kanthu kakang'ono chonchi kamatha kubweretsa chizungulire, kukhotetsa pakamwa, matenda oumitsa khosi, ngakhale chotupa cha mafinya muubongo.

Ndinasamalirapo mnyamata wina wa kusekondale yemwe anabwera pakamwa patakhotera mbali imodzi, diso likukana kutsinzina. Achibale anali atagawikana, ena akuti ndi sitiroko, ena akuti amulodza chifukwa cha nzeru za m'kalasi. Za khutu palibe anazitchula mpaka fungo litatiuza lokha. Linali litatha zaka likutuluka mafinya. Anzake ankakana kukhala naye desiki imodzi, ndipo kunyumba ankamunena kuti ndi wamwano poti sankayankha akamuitana. Anamuchita opaleshoni, nkhope inabwerera pang'onopang'ono, koma kumva kwa khutu limenelo sikunabwerere monga kale. Chomwe chimandiwawa ndikamukumbukira ndi zaka zomwe ankakalipiridwa zija.

Ambiri amadalira mankhwala odontheza m'khutu, ndipo ndimamvetsa, chifukwa amagwiradi ntchito kwa kanthawi. Mafinya amauma, fungo limachepa, munthu n'kuganiza kuti wachira. Koma mankhwalawo amangopha tizilombo, khungu lija limakhala lili pomwepo, likupitiriza kukula. Chochotsa cholesteatoma ndi opaleshoni basi. Cholinga chake choyamba n'kuchotsa khungulo kuti khutu liume ndipo lisakhalenso choopsa. Kukonza kumva kumabwera pambuyo, ngati n'kotheka. Limathanso kumeranso, choncho mukauzidwa kuti muzibwera kudzaonedwa, ngakhale kwa zaka, musatope.

Sikuti khutu lililonse lotuluka mafinya lili ndi vutoli ayi. Ambiri amakhala ndi bowo chabe pa mwinikhutu, ndipo akamapukuta bwino n'kumadontheza mankhwala oyenera limauma. Koma inu ndi ine sitingasiyanitse ndi maso. Pamafunika wodziwa za makutu alitsuke, ayang'ane m'kati ndi chipangizo chake, nthawi zina ajambule ndi sikani ya CT. Ngati mwalandira mankhwala kawiri katatu koma mafinya onunkha akubwererabe, pemphani kalata yokutumizani kwa a ENT, omwe amaona za makutu, mphuno ndi pakhosi. Ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe aliko.

Pali nthawi zina zomwe simuyenera kudikira tsiku la kiliniki. Munthu wa khutu lotere akayamba kumva mutu waukulu, kutentha thupi, kusanza, kuuma khosi, kusokonezeka maganizo, chizungulire, kutupa kuseri kwa khutu kapena kukhota pakamwa, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Mukafika nenani za khutulo, musadikire kufunsidwa, chifukwa zizindikiro zina mwa izi zimafanana ndi malungo.

Podikira kuonedwa, madzi asalowemo. Posamba ikani kathonje kopaka Vaseline pakhomo pa khutu, mukamaliza muchotse. Kusambira kumtsinje kapena kunyanja kuyambe kwaima. Mafuta ophikira, madzi a masamba, nthenga ya nkhuku ndi mtengo wa machesi, chonde abale anga, zimenezi zisalowe m'khutu.